Kabwato ka Makina a Bambo

Mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Lilongwe sandipumitsa. Akabwera, asanakhale n'komwe pansi, wayamba kale: "Amayi, mulembe wilu, anthu masiku ano akudyana chifukwa cha chuma cha masiye." Ndimamuyankha kuti ndamva. Iye amayesa kuti ndine nkhalamba yoopa pepala, yoganiza kuti kulemba za imfa n'kuiitana. Sadziwa kuti sukulu ya chuma cha masiye ine ndinailowa ndisanakwatiwe, ndipo fizi yake ndinalipira yonse.

Ndinabadwira m'mudzi wa bambo anga, kufupi ndi Kamwendo, nthawi imene boma lathu linkatchedwa Fort Manning. Kwa ife Achewa kubadwira kwa bambo sikunali kwa masiku onse. Mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwa mkazi, ndipo ana ankakhala a kuchikazi. Koma amayi anga anali a kutsidya kwa malire, cha ku Fort Jameson, ndipo bambo anapempha kuwatenga chitengwa, akwawo n'kulola. Amayiwo anamwalira ine ndikukwawa, moti nkhope yawo sindiidziwa. Akwawo atabwera pamaliro anafuna kunditenga, koma azakhali anga, mlongo wa bambo, anandikumbatira n'kunena kuti khanda siliyenda ulendo wotero, adzalitenge likakula. Anthu aja sanabwerenso, ndipo ine sindinawasowe.

Maliro atatha bambo sanakhazikike. Anapita wapansi ku Halale, monga ankachitira amuna ambiri, n'kundisiya m'manja mwa azakhali. Anakhalako zaka zambiri osamveka, mpaka anthu anayamba kuwatchula mtchona. Ine ndinakulira pamsana pa azakhali. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, wokonda kupemphera, ndipo bodza ankadana nalo koopsa. Ukawanamiza ngakhale za mtedza umene wakuba m'lichero, tsiku limenelo sunkaona nkhope yawo. Amuna awo anawasiya kalekale. Mwana wawo anali mmodzi, msuweni wanga, wamkulu kwa ine. Tinkadyera mbale imodzi. Ankanditcha "mkazi wanga" monga amachitira asuweni, ine n'kumamugenda ndi zitsononkho, iye n'kumathawa akuseka.

Bambo anachoka koma nyumba yawo inatsala, ndipo nyumba inkafuna msonkho kaya mwini wake alipo kaya palibe. Chaka chilichonse amesenjala ankafika ndi zipewa zawo zofiira. Mwini nyumba akasowa, ankagwira mkazi wake kapena mlongo wake n'kukamusunga ku boma mpaka wina akakhome. Azakhali anagwidwapo kamodzi. Kuyambira pamenepo msuweni wanga, ndevu zisanamere, ankapita ku esiteti ya fodya ya mzungu kukagwira ntchito kuti msonkho wa atsibweni ake upezeke. Ankabwerako manja ali bii ndi utomoni wa fodya, msana utasupuka ndi dzuwa. Izi ndikuzinena poyamba dala, kuti pa zimene zikubwerazi musamuyese munthu wadyera.

Bambo anabwera ine nditayamba kale kusenza mtsuko waukulu. Sindinawadziwe, ndinawagwadira ngati mlendo. Anabwera ndi njinga, jekete, ndi bokosi lolemera limene amuna awiri analinyamula pamtengo kuchokera kumsewu. M'bokosimo munali makina osokera, opalasa ndi mapazi, akuda, a maluwa achikasu m'mbali. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Azakhali sanawagwire makinawo, anangowazungulira n'kufunsa kuti, "Ndiye zaka zonsezi munakwatira chitsulo ichi, achimwene?" Tsiku limenelo ndinawaona akuseka mpaka misozi.

M'mudzi munalibe wosoketsa zovala, ambiri ankangofunda nsalu yakuda ya biriwita. Choncho bambo anakaika makinawo pakhonde la sitolo ina pa Kamwendo. Mwini sitoloyo anali Msilamu wochokera ku Nkhotakota, munthu wochepa thupi, wa kofia yoyera, wolankhula motsitsa ngati m'nyumba muli wodwala. Ankagulitsa nsalu, mchere, sopo, palafini ndi singano. Munthu akagula nsalu mkati, ankatuluka nayo n'kuipereka kwa telala pakhomo pomwepo. Awiriwa sankapemphera limodzi, wina Lachisanu wina Lamulungu, koma ankatha tsiku lonse akucheza kudzera pawindo.

Ine ndinkawapititsira bambo chakudya masana. Ndinayamba ndi kutola tizidutswa ta nsalu, kenako kusita ndi simbi ya makala, kenako kusoka mabatani. Anthu akachepa bambo ankandikhazika pampando wawo n'kundigwira mawondo kuti mapazi anga aphunzire kupalasa. Odutsa ankaseka. Mkazi pamakina, masiku amenewo, chinali chinthu choitanirana. Ine sindinkasamala, ndinali ndi mutu wouma kuyambira kale. Chimene chinkandipweteka chinali china. Atsikana anzanga atakula, amayi awo anayamba kuwadulira timinda tawo m'mbali mwa minda yawo. Ine sanandidulire. Nditafunsa, mayi wina pachitsime anandiyankha mosapsatira: "Iwe ndiwe mwana wa mwamuna. Nthaka yako ili kutsidya, kuno ukungodya nawo." Azakhali atamva anapita kukamukalipira mayiyo pakhomo pake, mudzi wonse ukumva. Koma munda sanandidulirebe, chifukwa sunali wawo okha woti n'kupereka.

Kenako bambo anayamba kukhosomola. Chinali chifuwa chimene amuna ambiri ankabwera nacho kuchokera kumwera, ndipo iwo ankadziwa mathero ake. Ankadziwanso mwambo. Mwamuna akamwalira, chuma chake chinkapita kwa mwana wa mlongo wake, chifukwa ameneyo ndiye magazi a m'banja mwake. Mwana wobereka yekha ankapatsidwa kanthu kochepa kopukutira misozi n'kubwerera kwa amake. Ine kwa amayi anga sindinkakudziwa ngakhale njira yake.

Mphunzitsi wina wa ku Ludzi anawauza bambo kuti azungu amalemba pepala lonena amene adzatenge chuma chawo, ndipo pepalalo limamveka ngakhale mwini wake ali m'manda. Bambo anandikweza pakaliyala wa njinga, ulendo wa ku boma. Kalaliki amene tinamupeza anali munthu wabwino, anatimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Bambo, kulemba mukhoza kulemba. Koma mlandu wa ife anthu akuda ukaweruzidwa kubwalo la kwanu, ndipo kumeneko sadzafunsa pepala. Adzafunsa kuti mwana wa mlongo wanu ali kuti." Pobwerera bambo sanathe kupalasa pachitunda, tinkayenda wapansi tikukankha njinga. Anaima kupuma n'kunena kuti, "Mayi wanga, ndikanabadwa Mngoni wa kwa Mlonyeni, ndikanapereka ng'ombe kwa akuchikazi, bwenzi iwe uli wanga ndi zanga zonse zili zako. Ndinalakwitsa pobadwira." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

Njira ina inalipo, ndipo azakhali ankaifuna ndi mtima wonse: ndikwatiwe ndi msuweni wanga. Asuweni ankakwatirana, chuma n'kukhala pakhomo, ine n'kukhalanso pakhomo. Bambo anandifunsa. Ndinakana. Munthu amene ndinkalimbirana naye nkhoko za mumphika, amene anandiona ndikutuluka mano, kwa ine anali mchimwene, osati woti ndikalowe naye m'nyumba. Bambo sanandikakamize. Azakhali anangoti, "Chabwino," koma anakhala masiku osandituma kanthu.

Apa m'pamene bambo anaganiza zoikiza. Kwathu munthu akafuna kuti mbuzi zake zisathe ndi milandu kapena ndi achibale, ankakaziikiza m'khola la mnzake wa mudzi wina. Wosungayo ankazisamala ngati zake, zikaswana ankapatsidwako kamwana kamodzi, ndipo mwini wake akazifuna ankazibweza. Tsiku lina masana, pakhonde palibe munthu, bambo anaitana mwini sitolo uja, ine ndili pomwepo.

"Achimwene," anatero bambo, "ndikufuna kuikiza makinawa kwa inu. Ndikapita, ndi a mwana uyu."

Mwini sitolo anakhala pa thumba la mchere n'kuvula kofia, n'kuivalanso. "Mbuzi yoikiza imabereka, wosunga n'kudyapo," anatero. "Nanga makina abereka chiyani?"

"Mwanayu azidzakusokerani mikanjo yanu ulere mpaka mudzatope nayo."

Onse anaseka. Kenako mwini sitolo anasiya kuseka. "Kwathu choikiza ndi katundu wolemera, Mulungu adzandifunsa za icho. Ndivomera, chifukwa m'chipembedzo chathu mwana wamkazi ali ndi gawo pa chuma cha bambo ake. Koma bodza sindidzanena. Akadzabwera abale anu ndidzawauza chiyani?"

Bambo anatsegula kachitseko ka pansi pa singano n'kutulutsa kachitsulo kamene mumakhala ulusi wapansi. Kanali kakang'ono ngati chala, kosongoka kutsogolo, ndipo bambo ankakatcha kabwato. Popanda iko makina amangoboola nsalu, sasoka. "Mudzawauze kuti makina ndinaikiza, ndipo mwini wake ndi amene adzabwere ndi kabwato aka. Dzina musatchule mpaka mwanayu atatuluka m'mudzi ali bwinobwino."

"Alongo anu mwawauza?" anafunsa mwini sitolo.

Bambo anayang'ana kumsewu.

"Muwauze, achimwene. Ine ndisunga makina, koma mlongo wanu sindingakusungireni."

Bambo analonjeza kuti awauza. Sanawauze. Munthu amene anayenda wapansi mpaka ku Halale, amene anawoloka mitsinje ya ng'ona, analephera kukhala pansi ndi mlongo wake n'kunena mawu ochepa. Akanayamba bwanji? Msonkho uja ankaudziwa, msana wa msuweni wanga anauona. Tsiku lililonse ankati mawa. Kabwato kaja ndinakakulunga m'kansanza n'kukamangirira ku mikanda yanga ya m'chiuno, kumene dzanja la mwamuna silifufuza. Makina anawafunditsa chiguduli n'kuwalowetsa m'sitolo, chifukwa bambo analibenso mphamvu zopalasa.

Amene anawadwazika anali azakhali. Ankawatembenuza, kuwamwetsa phala ndi chikombe, kuchapa nsanza za magazi kudambo anthu asanadzuke. Ine ndinkathandiza, kachitsulo kaja kakundikanda m'chiuno. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma ndinkati si ine woyenera kunena, anene okha mwini wake. Bambo anatisiya chimanga chikucha, ali pamiyendo ya mlongo wawo.

Titaika maliro, msuweni wanga anatenga anzake awiri ndi mtengo wonyamulira, ulendo wa pa Kamwendo. Anabwerako chimanjamanja, maso ali psuu. Mwini sitolo anamuuza zimene anauzidwa, osawonjezera osachotsera. Tsiku limenelo m'nyumba ya bambo anafufuza paliponse, kudenga, m'matumba a jekete, pansi pa mphasa. Dengu langa analikhuthulira pabwalo, tinsalu tanga tili mbwee, anthu akuonerera. Sanapeze kanthu. Msuweni wanga anaima patsogolo panga. Sananditche "mkazi wanga" ngati kale.

"Achemwali," anatero, "ine ndinapsa ndi dzuwa ku esiteti kuti amayi asakagonenso ku boma chifukwa cha nyumba ya atsibweni. Iwo anali kuti? Ankasonkhanitsa ndalama za makina. Makina amenewo muli thukuta langa. Ngati mukudziwa kanthu, nenani."

Ndinangomuyang'ana m'maso. Ankanena zoona. Koma iye anali ndi munda, anali ndi mudzi, anali ndi manda a makolo ake oti adzagonemo. Ine ndikanatuluka ndi bulangete. Mpaka lero sindinena kuti ndinalakwa, ndipo amene akufuna kundiweruza ayambe wakhala mlendo m'mudzi umene anabadwiramo.

Linafika tsiku lometa. Pa tsikuli achibale a womwalira amametedwa mpala, amakasamba kumtsinje, kenako akulu amakhala pansi kugawa chuma. Amene wametedwa ndiye kuti maliro ndi ake. M'mawa akazi tinakhala mondondozana kuseri kwa nyumba, ndipo azakhali anakana kuti wina andigwire mutu. Anandimeta okha. Anandipanikiza pakati pa mawondo awo monga ankachitira ndili mwana, akunyowetsa tsitsi ndi madzi a m'chikho, lumo likuyenda pang'onopang'ono. Misozi yawo inkagwera pamutu panga pometedwa kale.

Kumtsinje ananditengera kumunsi pang'ono, kuseri kwa bango, kuti akanditsuke kumsana. Ndinayesa kukana, ndinati ndisamba ndekha. "Wayamba liti kundichitira manyazi?" anatero. Anatola mwala wotsukira n'kuyamba pamapewa, kutsika ndi msana. Atafika m'chiuno dzanja lawo linaima. Ndinamva zala zawo zikufinya kansanza kaja, kuchokera kosongoka mpaka kumbuyo. Ankakadziwa. Anali atawaona achimwene awo kambirimbiri akukapukuta ndi mafuta.

Madzi ankangoyenda. Kumtunda akazi anzathu ankalankhula za nkhuni. Ine ndinkadikira kuti akuwe. Sanakuwe. Anamaliza kunditsuka, mpaka kuzidendene. Kenako anatenga nsalu yanga n'kundiveka okha, n'kuimanga zolimba pamwamba pa mikanda, mfundo yake n'kuiika pomwe panali kabwato.

Masana akulu anakhala pansi pa mtengo. Wogawa anali nkhalamba ina ya m'banja la bambo. Njinga, mbuzi, bedi ndi jekete zinapita kwa msuweni wanga, makasu ndi nkhwangwa kwa achibale ena. Ine anandipatsa bulangete ndi kapu ya bambo. Kenako nkhalambayo inafika pa makina. Inati m'nyumba afufuza, m'dengu afufuza, kwatsala pamene amuna sangafike. Inatembenukira kwa azakhali, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti mayi ameneyo sanama.

"Mayi, mwanayu mwamusambitsa ndinu. Munamuona ndi kanthu?"

Azakhali anali atakhala moongoka, mutu wawo wometa ukuwala. Mwana wawo ankawayang'ana. "Ndamusambitsa ndekha," anatero. "Alibe kanthu."

Nkhani inathera pomwepo. Nkhalamba ija inati mwina malemu anakataya kachitsuloko matenda atawasokoneza mutu, za makina adzakambirana ndi mwini sitolo mtsogolo. Anthu anabalalika. Mtima wanga unadzaza chimwemwe, ndisabise. Ndinkati azakhali asankha ine. Ndinawatsatira kuseri kwa nkhokwe kuti ndikawagwadire.

Sanandilole kugwada. "Imirira," anatero. "Mawa kukacha unyamuke."

"Azakhali, ndipite kuti?"

"Kumene bambo ako anakukonzera. Ine ndanama lero pamaso pa mwana wanga, tsitsi la maliro a mlongo wanga lisanauluke n'komwe. Tsiku limene udzakhale pamakina paja, mwana wanga adzadziwa kuti mayi ake anamunamiza anthu akuona. Ndiye uzidzalowa m'nyumba mwanga, tizidzadyera mbale imodzi atatu?"

Ndinayamba kumasula nsalu. "Tengani, azakhali. Sindikukafunanso. Tengani mukam'patse."

Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Ndipite nako kuti? Ndikaitanenso akulu aja ndikawauze kuti ndinanama? Zatha, mwanawe." Kenako anati, "Makina si kanthu. Akanandiuza, ndikanalira, ndikanamukalipira, kenako ndikanamukhazika pansi mwana wanga. Ine ndinkamutembenuza munthu uja, ndinkamuchapira magazi, iye akundiyang'ana ndi chinthu mumtima. Iwenso, amene ndinakutafunira chakudya. Munandiona ngati wakuba, nonse awiri."

M'mawa ndinapeza atandimangira ufa ndi nyemba m'kansalu, ataika pakhomo. Iwo anali atapita kumunda.

Mwini sitolo atandiona ndi mutu wometa ndi bulangete kumutu, sanafunse zambiri. Ndinamasula kabwato n'kukaika pa tebulo lake. Anakayang'ana, anavundukula makina, anakalowetsa m'malo mwake, n'kunena kuti, "Katundu wanditsika. Alongo awo anawauza?" Ndinapukusa mutu. Anapuma mozama n'kupita kukauza akazi ake kuti andiyalire m'kachipinda kosungiramo matumba.

Pasanapite nthawi msuweni wanga anabwera. Anaima tsidya la msewu, njinga ya bambo ili m'manja, akundiyang'ana ndikupalasa. Ndinkayembekezera kuti awoloke adzanditukwane, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Sanawoloke. Anaima nthawi yaitali, kenako anakwera njinga n'kubwerera. Ndinamva kuti akulu anafuna kukasuma, koma azakhali anakana kukaima pabwalo, mlandu n'kufera pomwepo. Chaka chomwecho msuweni wanga anagulitsa njinga ndi mbuzi n'kupita ku migodi ya ku Northern Rhodesia. Amayi ake sanawatsanzike. Choncho pa makina amodzi azakhali anataya ana awiri.

Makinawo anandidyetsa, zimenezo sindingakane. Poyamba amuna ankakana kuyezedwa ndi mkazi, koma akazi anayamba kubwera, ndipo ndinatchuka ndi mabulauzi ndi madiresi a ana. Ndinamanga kanyumba kanga kuseri kwa sitolo. Mikanjo ya mwini sitolo ndinkasoka ulere monga mwa pangano, iye n'kumadandaula mwanthabwala kuti makina oikiza aja abereka kuposa mbuzi. Koma dzuwa likapendeka, sitolo ikatsekedwa, aliyense ankapita kwawo, ine n'kukhala pakhomo ndi mbale yanga ndekha. Ndikadwala malungo panalibe wondifunsa kuti wadzuka bwanji mpaka ndidzitulukire. Ndinasungulumwa zedi.

Kamodzi ndinawoloka malire kukafuna akwawo kwa amayi. Ndinawapeza. Anandilandira bwino, analira, anati ndafanana ndi malemu. Anandiphera nkhuku. Ndikudya nkhukuyo ndinazindikira kuti kunonso ndine mlendo, chifukwa mwana wa pakhomo saphedwera nkhuku. Nditatsanzika anandiperekeza mpaka kumsewu n'kunena kuti ndizibwera kudzawaona.

Tsiku la msika azakhali ankabwera pa Kamwendo kudzagulitsa mtedza. Ankadutsa tsidya la msewu, dengu pamutu, khosi lili chilili. Ine ndinkasiya kupalasa kuti mwina phokoso likaleka atembenuka. Sanatembenukepo. Chaka ndi chaka ndinkaona msana wawo ukupindika, nsalu yawo ikutha. Ndinawasokera bulauzi ya maluwa obiriwira, muyeso ndinangoukumbukira, n'kupatsira mayi wina wa kumudzi. Inabwerera ili chipindire, mmene ndinaipindira.

Za imfa yawo palibe ananditumira uthenga. Ndinamva kudzera pawindo, amuna awiri a kumudzi akugula nsalu yoyera m'sitolo, mwini sitolo akuwafunsa kuti watisiya ndani. Nditamva nsaluyo ikung'ambidwa ndinafunditsa makina n'kuyamba ulendo. Pamaliro sanandithamangitse. Anandiyalira mphasa panja, pamene pamakhala anthu a midzi ina, osati m'nyumba mmene munali akazi a m'banja. Msuweni wanga sanabwere, uthenga unamupeza mochedwa.

Tsiku lometa ndinapitanso. Ndinalawirira, ndinakhala pamzere wa akazi kuseri kwa nyumba yomwe ija, n'kuvula duku. Wometa anali mayi wachitsikana amene ndinkasewera naye kale. Anameta wa kumanja kwanga. Atafika pa ine anaima, lumo lili m'manja, n'kuyang'ana akuluakulu. Mmodzi anati, mwaulemu ndithu, "Awo ndi alendo, musawavutitse." Mayi uja anandilambalala n'kunyowetsa mutu wa amene anali kumanzere kwanga. Ndinavala duku langa, ndinawathokoza, n'kunyamuka.

Makina aja alipobe, ali pakona m'chipinda changa, ndipo kabwato kake n'komweko. Mwana wanga akufuna ndilembe kuti adzakhala a yani. Ndidzalemba, koma ndamuuza kuti ayambe wasonkhanitsa onse, ana anga ndi ana a abale a malemu amuna anga, ndiwauze ndi pakamwa panga ndikuwayang'ana, olira alire ndili moyo. Iye akuti zimenezo n'zachikale, pepala ndi lokwanira. Sindinamuuze zimene ndinachita nditabwerako ku kumeta kuja.

Ndinafika pa Kamwendo dzuwa lili pamutu. Ndinatenga sizasi ya ntchito ndi lezala, ndinatunga madzi m'chikho, n'kukakhala kuseri kwa kanyumba kanga. Ndinadzimeta ndekha. Galasi ndinalibe, ndinkangopapasa, ndipo ndinadzicheka malo angapo. Tsitsi ndinalikwirira pansi pa nthochi. M'mawa ndinakhala pamakina wopanda duku, kuti aliyense wodutsa aone kuti ndili ndi maliro. Anthu ankandiyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Patapita masiku, ndikusamba, dzanja langa linagunda tsitsi kunkhongo, chigamba chonse chimene lezala sinafikepo. Ndinayenda nacho masiku onsewo pamsika, ndipo panalibe munthu wanga woti andiuze kuti, tembenuka ndikumalizitse.